Banki ilowe m'foni, koma chitseko chake chisatsekedwe

Mwezi ukatha, zambiri za ndalama ndimazichita ndili khale pampando. Mayunitsi a magetsi ndimagula pafoni, bilu ya madzi chimodzimodzi, ya lendi ndimangoikankha kuchoka mu akaunti yanga kupita mu ya eni nyumba, ndipo kangachepe ka amayi kumudzi kamafika tiyi asanazizire m'kapu. Ife amene tinakula nthawi imene ndalama yopita kumudzi inkayenda mu envulopu, m'thumba la kondakitala wa basi kapena la wachibale amene wapezeka kuti akulowera komweko, tikudziwa kuti tapepukidwa kwambiri. Kubwerera m'mbuyo sindikukulakalaka ngakhale pang'ono.

Koma mawu amene ndikuwamva kawirikawiri masiku ano, akuti nthambi za banki zatha ntchito zingotsekedwa basi, sindikugwirizana nawo. Onena zimenezi si opusa ayi. Nthambi imadya ndalama: lendi ya nyumba, alonda usana ndi usiku, dizilo wa jenereta, malipiro a ogwira ntchito, galimoto zonyamula ndalama zoyenda ndi operekeza a mfuti. Zonsezi olipira ake ndife tomwe, kudzera mu tindalama tija timadulidwa mu akaunti mwezi ndi mwezi. Ndiye iwo amati, bwanji osatula mtolo umenewu, aliyense n'kugwira foni yake? Funsolo ndi lomveka. Kungoti kawirikawiri limachokera kwa munthu amene ali ndi foni yamakono, bandulo sikumuthera, kunyumba kuli magetsi, ndipo pakadali pano palibe chimene chamusokonekera.

Tikumbuke kaye kumene tachokera. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu khumi alionse, oposa asanu ndi atatu ankakhala kumudzi. Mabanki chikhalire akhala a ku Blantyre, Limbe, Lilongwe, Zomba, Mzuzu ndi pa maboma, kuwonjezerapo matauni owerengeka ngati Liwonde, Luchenza ndi Dwangwa. Munthu wa ku Nthalire ku Chitipa kapena wa ku Makanjira ku Mangochi kwa zaka zambiri analibe banki pafupi. Airtel Money itafika mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, potsatira njira imene M-Pesa inalambula ku Kenya mu 2007, kwa iyeyu kunali kuona koyamba malo osungira ndalama amene si pansi pa mphasa kapena m'chitini chokwirira. Mabanki nawo sanagone. Kunabwera manambala oimba pafoni, *626# ya National Bank, *525# ya FDH, *247# ya Standard Bank, kenako maejenti a Bank Pafupi a NBS ndi a Banki Pakhomo a FDH. Mu 2015 National Switch inalumikiza makina a ATM, khadi la banki iyi n'kuyamba kutapa ndalama pa makina a banki inayo. Zonsezi ndikuziyamikira ndi mtima wonse.

Chimene ambiri sitichiona n'chakuti ndalama ya m'foni ili ndi kumene imatsamira.

Pitani pa kamsika kena kalikonse kakumudzi, masiku oyambirira a mwezi, cha m'ma 10 koloko m'mawa. Mupeza kakontena kopaka utoto wowala, kapena tebulo chabe pansi pa ambulera, mnyamata ali ndi mafoni a mabatani awiri ndi kope lolembamo manambala. Patsogolo pake paima gogo, foni yake yakulungidwa m'kansalu, mwana wake wa ku Lilongwe wamuimbira dzulo kuti ndatumiza ya feteleza. Mnyamatayo akuyang'ana m'kachikwama ka m'chiuno, n'kupukusa mutu.

“Agogo, pepani, kashi yandithera. Mwina mudzayese mawa masana.”

“Nanga mawa ikachokera kuti, mwanawe?”

“Ndilawirira ku boma, ku banki.”

Yankho la mnyamatayu ndi limene lili ndi nkhani yonse. Ejenti amayendera zinthu ziwiri: ndalama ya m'foni imene amati floti, ndi ndalama ya m'manja. Munthu akabwera kudzaika, floti imatsika, ya m'manja n'kukwera. Akabwera wotapa, ya m'manja imatsika, floti n'kukwera. M'tauni ziwirizi zimasinthana tsiku lonse, moti ejenti atha kukhala osadzuka pampando. Kumudzi ndalama imayenda njira imodzi: ana ali m'tauni kapena ku Joni amatumiza, makolo amatapa. Ikamakwana nthawi ya nkhomaliro, foni ya ejenti yadzaza manambala koma m'chikwama muli mbee. Kuti mawa atsegule, ayenera kukasintha manambalawo akhale mapepala, ndipo kosinthira kwake ndi ku nthambi ya banki, kapena kwa mwini holoselo amene nayenso amakathera ku banki komweko. Ejenti ali ngati mpopi wa pa kiyosiki: madzi timatungira pamenepo, koma thanki ili kwina. Ngakhale malamulo a Reserve Bank of Malawi amafuna kuti ndalama iliyonse ya m'foni ikhale ndi inzake yeniyeni yosungidwa mu akaunti yapadera ku banki.

Ndiye tsekani nthambi ya pa boma ija. Mnyamata uja ulendo wake watalika kawiri. Akwera kabaza, kenako minibasi, pobwerera chikwama chili ndi ndalama za mudzi wonse chili pamiyendo, maso ali uku ndi uku. Ya thiransipoti ikamukulira, achepetsa maulendo, ndipo mawa la gogo uja lisanduka mkuja. Kutseka nthambi sikusamutsira anthu ku foni. Kumafooketsa foni yomweyo.

Dziko lathu likuyendabe ndi ndalama ya m'manja, tisadzinamize. Nyengo yokolola, venda wogula soya, mtedza kapena nandolo pa sikelo amalipira mapepala. Waganyu wopalira m'munda amafuna mapepala. Asodzi ku Nkhotakota, amayi ogulitsa tomato pa Jenda ndi pa Lizulu, ambiri mwa iwo malonda awo ndi a dzanja ndi dzanja. Alimi a fodya akagulitsa ku okushoni ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma kapena Mzuzu ndalama imalowa mu akaunti, koma matenanti ndi aganyu kumunda akudikira yogwirika. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yogulira katundu yemwe uja inasanduka mtolo, ngakhale kuti pepala la K5,000 linali litatuluka kale mu 2022. Mwini golosale amene watolera mtolo umenewo madzulo sangausiye kwa ejenti wa pansi pa ambulera, floti yake siingakwane. Akufuna kauntala, makina owerengera ndalama, ndi risiti yodinda. Nawo mapepala othaitha, ong'ambika, omata ndi selotepi, amene aliyense amawakana pamsika, polowera pake kuti abwerere ku Reserve Bank ndi pa kauntala pomwepo.

Za magetsi ndi netiweki sinditalikitsa, tonse timazidziwa. Kalembera yemwe uja anaonetsa kuti nyumba zoyatsa magetsi a ESCOM zinali ngati imodzi mwa khumi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 tinakhala mumdima kopitirira chaka, Freddy naye mu March 2023 anadula misewu, mawaya ndi mauthenga m'chigawo cha kummwera. N'zoona kuti nayo nthambi imadalira netiweki yomweyo, sisitimu ikagwa wa pa kauntala amangogwira m'chiuno ngati ife tomwe. Pamenepa nthambi siiposa foni kwenikweni, ndipo si pamene pagona mtima wanga.

Mtima wanga wagona pa tsiku limene zinthu zasokonekera.

Amuna awo a azakhali anga atamwalira, ndinawaperekeza ku banki. Malemuwo anali mphunzitsi wopuma, munthu wadongosolo, ndipo zaka zawo zomaliza zonse za ndalama ankachitira pafoni. Nambala yachinsinsi ankaidziwa okha, ndipo anapita nayo kumanda. Mwambo wa maliro usanathe n'komwe, foni ija inali itayamba kale kuyenda m'manja mwa achibale, wina akuti ndikudziwa mnyamata amene angaitsegule, wina akuti tingochotsa simu tiike mu ina. Amene mwaonapo mmene chuma cha masiye chimathera kwathu kuno mukudziwa kumene nkhani yotere imalowera. Azakhali anaitenga foniyo, anaimanga pa nsonga ya chitenje, sanayankhe aliyense.

Tinalowa m'banki iwo atanyamula jumbo, m'menemo muli chiphaso cha unzika cha malemu, chawo, kalata ya kuchipatala ndi kalata ya amfumu, zonse zopindapinda. Mlonda atawaona ndi duku lakuda sanawaimike pamzere, anawalozera pa desiki ya m'mbali. Mayi amene anali pa desikipo anaimirira, n'kukoka mpando.

“Khalani pansi kaye, amayi. Pepani ndi zovutazi.”

Anawasiya alankhule mpaka anamaliza, ngakhale kuti zambiri zimene ankanena sizinali za banki: matenda mmene anayambira, ana amene akadali pasukulu, mlamu wawo amene wayamba kale kufunsa za njinga yamoto. Kenako mayiyo anatenga pepala, n'kulemba m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu zoyenera kuchita: chiphaso cha imfa, ku ofesi ya DC, makalata opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu. Atatero anawauza mawu amene anawakhazika mtima pansi.

“Kuyambira lero akaunti iyi tayiimitsa. Palibe amene angatapemo, kaya ndi pafoni, kaya ndi khadi, kaya ndi m'bale wake wa malemu, mpaka mapepala atakwana. Ndalama ya ana anu ili pomwepo.”

Tili panja azakhali anandigwira dzanja n'kuti, “Mwanangu, lero ndiye ndikagona.” Nkhaniyo inatenga nthawi kuti ithe, maulendo anachuluka, ndipo sindinganame kuti zonse zinayenda myaa. Koma tsiku limenelo mayi wamasiye anapeza munthu womuyang'ana m'maso, womva chilankhulo chake, wokhala ndi mphamvu yotseka pamene akuba akanalowera. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, koma lamulo lili m'buku. Kuti ligwire ntchito pa akaunti ya mphunzitsi wa kumudzi pamafunika desiki ndi munthu wokhala pa desikipo. Ndayang'ana pa mndandanda uja umatuluka ukaimba nambala ya banki pafoni: kuona ndalama zotsala, kutumiza, kulipira bilu, kugula mayunitsi. Posankha pakuti mwini akaunti watisiya palibepo.

N'chimodzimodzi ndi kuberedwa. Ndani sanalandirepo uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Kapena foni ya munthu wolankhula mwaulemu, akuti ndikuimba kuchokera ku banki yanu, akaunti yanu ili ndi vuto, tandiwerengereni manambala amene angolowa kumenewo? Zitupa za unzika zinabwera mu 2017, kulembetsa masimu kunatsatira mu 2018, koma akathyali aja sanathe, anangosintha machenjerero. Munthu akaberedwa motere mutu umaima. Manyazi amamugwira, chifukwa akudziwa kuti nambala anapereka yekha. Akaimba ku nambala ya madandaulo amamva nyimbo, kenako mawu a munthu amene sadzamuonapo, kenako amapatsidwa nambala ya dandaulo lake n'kuuzidwa kuti adikire. Mawa akaimbanso wayankha ndi wina, nkhani iyambirenso pachiyambi. Pa nthambi ndalama yobedwa siibwerera mwamatsenga ayi, nthawi zambiri yapita yapita. Koma pali munthu amene ungamupeze mawa pampando womwewo n'kumufunsa kuti nkhani yanga ija ili pati. Amatseka khadi pomwepo, amakusindikizira sitetimenti yopita nayo kupolisi, amakuthandiza kusintha nambala yachinsinsi uli poteropo. Banki ikakhala ndi nkhope imachita manyazi. Ikakhala mawu a pafoni okha, manyazi ilibe.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchitchula. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi atatu mwa anthu khumi alionse sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Onjezeranipo okalamba amene maso anachita chidima, ndi amene amawerenga Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao koma Chingerezi cha pa app chimawapita pambali. Anthu amenewa ndalama ya m'foni amaigwiritsa ntchito ndithu, koma kudzera m'manja mwa wina. Amapereka foni kwa ejenti n'kumunong'oneza nambala yachinsinsi, kapena amatuma mdzukulu. Adzukulu ambiri ndi okhulupirika, ena ayi, ndipo gogo sangadziwe kuti mwa K50,000 imene inatumizidwa, yafika m'manja mwake ndi K40,000. Tikamawerenga anthu amene alowa m'dongosolo la zachuma chifukwa ali ndi akaunti ya pafoni, tizikumbukira kuti ena mwa iwo chinsinsi chawo chili pamtetete.

Opportunity Bank, isanagulidwe mu 2017 ndi First Merchant Bank, imene lero ndi First Capital Bank, inali itaona vuto limeneli. Inkagwiritsa ntchito chidindo cha chala m'malo mwa siginecha, ndipo inali ndi galimoto zimene zinkayendera misika yakumidzi masiku oikika, banki yathunthu ili pa matayala. Nayo Malawi Savings Bank, imene inachokera ku banki ya positi ofesi ndipo inagulitsidwa kwa FDH mu 2015, mphamvu yake inali kupezeka m'malo amene ena ankawaona ngati opanda phindu. Maganizo ofikira munthu kumene ali si achilendo kwathu kuno, tinawayesapo kale.

Ngongole nayo ili ndi mbali ziwiri. Ya pafoni ilipo, imabwera m'kuphethira kwa diso, ndipo imapulumutsa mwana akadwala usiku. Koma ndi yaing'ono, yobweza msanga, chiwongola dzanja chake chowawa. Munthu wofuna kugula chigayo, pampu ya sola yothirira dimba, kapena boti la injini, akufunika wina womumvetsera, wopita kukaona malowo, wodziwa kuti dambo lakutilakuti siliuma ndipo kuti pamsika wakutiwakuti chigayo chilipo chimodzi chokha. Kompyuta ya ku likulu imaona zolowa ndi zotuluka mu akaunti, ndipo mlimi amene ndalama yake imabwera kamodzi pachaka amaoneka ngati wopanda kanthu. Akakanidwa popanda womufotokozera, amathera kwa akatapila. Taonani mmene banki m'khonde yafalikira m'midzi ndi m'makwalala a m'tauni momwe. Chiwongola dzanja chake si chochepa, koma anthu amaikonda chifukwa amadziwana, amakhala pamphasa imodzi, amaona bokosi likutsegulidwa ndi makiyi osungidwa ndi anthu osiyana. Pa nkhani ya ndalama Mmalawi amakhulupirira amene akumuona. Magulu omwewa ndalama ikachuluka moti bokosi layamba kuopsa kugona nalo m'nyumba, amapita kukatsegula akaunti ya gulu, osayinira angapo, ndipo kopita kwake ndi ku nthambi.

Tsono wina asaganize kuti ndikuikira kumbuyo nthambi mmene zililimu. Zambiri zimakhumudwitsa. Mawindo alipo ambiri koma otsegula ndi awiri, mzere wa kumapeto a mwezi wafika panja, aphunzitsi ndi anamwino ataya tsiku lonse la ntchito ataima padzuwa. Wovala jekete amalandiridwa ndi kumwetulira, wovala zigamba ndi matope a kumunda amayankhidwa osamuyang'ana. Mafomu ndi a Chingerezi, tizilembo tating'onoting'ono. Munthu wachokera kutali, walipira thiransipoti yokwanira kugula ndiwo za sabata, akuuzidwa kuti pasowa pepala limodzi abwerenso mawa, pamene akanauzidwa zonse ulendo woyamba. Choipitsitsa ndi yankho lija lakuti nkhani yanu taitumiza ku likulu. Ngati nthambi ilibe mphamvu yogamula kanthu, ndiye kuti yasanduka positi ofesi ya madandaulo, ndipo amene akuti itsekedwe apeza pogwira.

Chimene ndikufuna ine n'chakuti foni itenge zonse zimene ingathe, ndipo itenge ndithu: mabilu, kutumiza, kuona zotsala, fizi ya sukulu. Mzere ukafupika chifukwa cha zimenezi, mabanki asaone mpata wochotsa anthu ntchito ndi kukhoma zitseko, koma asamutse anthu aja kuchoka kuseri kwa galasi kubwera pa madesiki. Pakhale wa nkhani za maliro ndi chuma cha masiye, wa nkhani za kuberedwa, wa ngongole za alimi ndi mabizinesi ang'onoang'ono amene ali ndi njinga yamoto yopitira kumunda. Pakhale wachinyamata woleza mtima wokhala ndi agogo pabenchi n'kuwaphunzitsa kudina okha, kuti nambala yachinsinsi ibwerere kwa mwini wake. Alankhule chilankhulo cha dera limenelo, ku Karonga Chinkhonde ndi Chitumbuka, ku Machinga Chiyao, ku Nsanje Chisena. Kauntala ya ndalama zambiri itsale ya maejenti ndi amalonda, ndipo izitsegulidwa m'mamawa kuti ejenti abwerere kumudzi dzuwa lisanakwere.

Za kukwera mtengo kwa nthambi zija sindinaziiwale. Ku Britain mabanki anatseka nthambi masauzande m'zaka zapitazi, matauni ena n'kutsala opanda banki ngakhale imodzi. Anthu atadandaula, makamaka okalamba ndi eni mashopu, kunayambika nyumba zogawana: kauntala imodzi yoyendetsedwa ndi a positi ofesi yothandiza makasitomala a mabanki osiyanasiyana, ndi kachipinda kamene ogwira ntchito a mabankiwo amasinthana masiku. Kumeneko anayamba agwetsa kenako n'kumamanganso. Ife tili ndi mwayi woonera kwa anzathu tisanagwetse, komanso kwathu kuno malo ambiri alibe n'chogwetsa chomwe, akudikira kumangiridwa koyamba.

Nyumba za positi ofesi zilipo m'matauni ang'onoang'ono ambiri, zina zangokhala phee chifukwa makalata anachepa. Palibe chovuta kuti mabanki atatu kapena anayi agawane lendi, mlonda ndi sola pa nyumba imodzi yotero, wa banki iyi azipezeka Lachiwiri, wa banki inayo Lachinayi, ndipo tsiku la msika kauntala ikhale yotsegula kwa onse. National Switch inatheka chifukwa mabanki opikisana anavomera kudutsa pa mlatho umodzi, ndiye izinso n'zotheka. Koma okha sangayambe, chifukwa phindu la pa Makanjira silingafanane ndi la pa Victoria Avenue ku Blantyre, ndipo banki iliyonse imadikira inzake iyambe. Reserve Bank of Malawi ndi imene imapereka ziphaso kwa mabanki ndi kuwayang'anira. Iyoyo ndi imene ingawaitanire pa tebulo limodzi, ndipo banki ikabwera ndi pempho lotseka nthambi pa boma lina, iyambe yafunsidwa kuti maejenti a m'deralo azikatenga kuti ndalama ya m'manja, ndiponso kuti nthambi ina yapafupi ili pa mtunda wa makilomita angati.